Ngongole ya Nyumba Yochokera ku Boma: Kodi Mtengo wa Nyumba ya Kumudzi Amaupeza Bwanji?

Anthu ambiri okhala mu mzinda wa Lilongwe ali ndi makomo awiri. Lina ndi la m'tauni, kaya ndi nyumba ya lendi ku Area 18 kapena yawoyawo ku Area 47, ndipo lina ndi la kumudzi kumene kunatsala makolo, kwa Chadza, kwa Kalolo, kwa Chiseka kapena kwa Kabudula. Pamene boma linayamba kupereka malata ndi simenti pa ngongole m'midzi, nyumba zina za makolo amenewa zinasintha maonekedwe. Koma pamodzi ndi denga lonyezimiralo panabweranso funso limene mabanja ambiri sanalipezere yankho: kodi ngongole imeneyi ndi ya ndalama zingati, ndipo ikugwirizana bwanji ndi mtengo wa nyumbayo? Ena amaopa kuti boma lili ndi gawo pa nyumbayo, kotero kuti tsiku lina kudzafika anthu a ku Capital Hill ndi tepi yoyezera n'kunena kuti popeza nyumba yakwera mtengo, ngongole nayonso yakwera. Ena amangoti poti boma limene linapereka malatawo linachokapo m'chaka cha 2020, nkhaniyo inathera pomwepo. Kuti tione pamene pali choona, tiyenera kuyamba tasiyanitsa mitundu iwiri ya ngongole, kenaka tione m'mene akatswiri amaunikira mtengo wa nyumba, m'tauni ndi kumudzi komwe.

Ngongole ya ndalama ndi ngongole ya gawo

Ngongole imene ambirife tinaizolowera ndi ya ndalama yodziwika. Munthu akatenga K500,000 ku banki, ku SACCO kapena ku banki m'khonde, amadziwa kuti adzabweza K500,000 yomweyo pamodzi ndi chiwongoladzanja chimene anagwirizana. Kaya ndalamazo wamangira nyumba imene pambuyo pake yakwera mtengo, kaya nyumbayo yagwa ndi mvula ya mu Januwale, wobwereketsa alibe nazo kanthu. Ngati pakhala kuunika mtengo wa nyumba, kumachitika poyamba, pamene banki ikufuna kudziwa ngati chikole chili chokwanira.

Pali mtundu wina wa ngongole umene sunazolowereke kuno kwathu. Pa mtundu umenewu boma limakhala ngati lagula nawo nyumbayo, ndipo chimene limadzafuna pobweza ndi gawo lake la mtengo wa nyumba pa tsiku lobwezalo. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha ku England, kumene mu Epulo 2013 boma linayambitsa ndondomeko yotchedwa Help to Buy. Munthu wofuna kugula nyumba yomangidwa kumene ankasonkha yekha magawo 5 pa magawo 100 a mtengo wake, boma linkaikapo mpaka magawo 20, ndipo otsalawo ankakhala ngongole ya ku banki. Ku London, kumene nyumba n'zokwera mtengo kwambiri, gawo la boma linaloledwa kufika pa 40 kuyambira m'chaka cha 2016. Kwa zaka zisanu zoyamba gawo la bomalo linalibe chiwongoladzanja. M'chaka chachisanu ndi chimodzi chinkayambira pa 1.75 peresenti n'kumakwera chaka ndi chaka. Ndondomekoyi inasiya kulandira anthu atsopano mu Okutobala 2022 ndipo inatsekedwa mu Malichi 2023, koma amene anatenga ngongoleyo akubwezabe.

Tiyerekeze kuti munthu anagula nyumba ya mapaundi 200,000 ndipo boma linaikapo mapaundi 40,000, omwe ndi magawo 20 pa 100. Ngati pa nthawi yobweza nyumbayo yafika pa mapaundi 250,000, iye adzabweza 50,000. Ngati yatsika kufika pa 180,000, adzabweza 36,000 basi. Apa n'zoonekeratu kuti munthu amene akutchula mtengo wa nyumba ndiye akutchulanso kukula kwa ngongole. N'chifukwa chake malamulo akumeneko ndi okhwima pa za wounikayo. Ayenera kukhala katswiri wovomerezeka ndi bungwe la akatswiri lotchedwa RICS, asakhale wachibale wa mwini nyumba kapena wogwira ntchito yotsatsa malonda a nyumba, alowe m'nyumbamo ndi kuona ndi maso ake, ndiponso asonyeze nyumba zina zosachepera zitatu zofanana nayo zimene zagulitsidwa posachedwa pa mtunda wosapitirira mamailosi awiri, omwe ndi makilomita atatu ndi pang'ono. Lipoti lake limagwira ntchito kwa miyezi itatu yokha.

Lamulo la nyumba zitatu zofananazi siluvuta mu mzinda. Vuto limabuka m'midzi ing'onoing'ono ya ku England komweko, kumene chaka chimatha osagulitsidwa nyumba yofanana ndi ya wokongolayo, ndipo katswiri amayenera kufufuza kutali n'kufotokoza chifukwa chake. Tsono ngati zimavuta m'dziko limene malonda a nyumba amalembedwa m'kaundula wa boma, kuli bwanji kwa Chadza?

Ngongole ya malata ndi simenti

Ndondomeko ya malata ndi simenti, imene m'makalata a boma inkatchedwa DAHSP, inayamba kumapeto kwa chaka cha 2014 pansi pa boma la Pulezidenti Peter Mutharika, ndipo inkayendetsedwa ndi unduna woona za malo ndi nyumba. Cholinga chinali chakuti m'dera la phungu aliyense mabanja 80 azithandizidwa pa chaka. Pa nthawiyo madera a aphungu anali 193, kutanthauza mabanja 15,440 m'dziko lonse. Ochepa mwa iwo, amene anali ovutikitsitsa, ankalandira thandizolo mwaulere. Ena onse ankaumba okha njerwa, kututa mchenga ndi kupeza womanga, boma n'kupereka malata, simenti ndi zipangizo zina. Theka la mtengo wa zipangizozo boma linkalipira, ndipo theka linalo linali ngongole yoti banja libweze pang'onopang'ono.

Mawu ofunika kuwagwiritsa apa ndi akuti theka la mtengo wa zipangizo. Ngongole imeneyi inawerengedwa kuchokera pa malata ndi matumba a simenti amene banja linalandira, osati pa mtengo wa nyumba. Motero ndi ngongole ya mtundu woyamba uja, ya ndalama yodziwika. Boma silinagule gawo la nyumba ya agogo anu, ndipo kukwera kwa mtengo wa nyumbayo sikukulitsa ngongole. Pepala lofunika kwambiri pa ngongole yotereyi si lipoti la katswiri wounika ayi, koma kalata imene banja linasainira polandira zipangizo, yosonyeza kuchuluka kwake ndi mtengo wake, pamodzi ndi malisiti a ndalama zimene zinabwezedwa.

Nyuzipepala za m'dziko muno zinalemba kangapo kuti kubweza kunali kochepa kwambiri. Ambiri anaitenga ngati mphatso ya ndale, ena sanauzidwe bwino kumene angakapereke ndalamazo, ndipo ena zaka za chilala monga 2016 zinawasokoneza. Boma limene linalowa m'chaka cha 2020 silinapitirize ndondomekoyi m'mene inalili. Koma kusintha kwa boma pakokha sikufafaniza ngongole, pakuti wobwereketsa sanali chipani koma boma la Malawi. Banja limene likufuna kudziwa pamene laima lipite ku ofesi ya khonsolo ya boma lawo, kwa a Lilongwe ndi ku Old Town, n'kukapempha kuti liuzidwe molemba ndalama zimene zatsala pa dzina la wokongolayo. Safunsa anadya phula.

M'mene amaunikira nyumba m'tauni

Kuti timvetse chifukwa chake nyumba ya kumudzi imavuta kuiunika, tiyambe taona kumene ntchitoyi imayenda bwino. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe m'chaka cha 1975. Bungwe la Capital City Development Corporation, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1968 n'kuthetsedwa m'chaka cha 1984, ndilo linadula mzinda watsopano m'madera okhala ndi manambala, kuika maofesi a boma ku Capital Hill, mabanki ndi makampani ku City Centre, ndi mapuloti akuluakulu ku Area 10, 11, 12 ndi 43. Old Town, ndi msika wake, depoti ya mabasi ndi mashopu a mu msewu wa Malangalanga, inalipo kale, pamodzi ndi nyumba zakale za ku Area 3. M'madera amenewa puloti iliyonse ili ndi nambala, malire ake anayezedwa, ndipo mwini wake amakhala ndi lizi, kawirikawiri ya zaka 99, yolembedwa m'kaundula wa malo. Zinthu zitatu zimenezi, nambala, malire ndi lizi, ndizo zimapangitsa kuti nyumba igulitsike kwa munthu aliyense, ngakhale wochokera ku Karonga kapena ku Nsanje, popanda kuopa kuti mawa kudzatulukira amalume a wogulitsayo.

Pamene pali malonda, katswiri amagwiritsa ntchito njira yofanizira. Akaitanidwa ku nyumba ya zipinda zogona zinayi ku Area 47, amayeza kukula kwa puloti ndi kwa nyumba, amaona denga, ming'alu ya m'makoma, mawaya a magetsi, mapaipi a madzi, mpanda ndi nyumba ya antchito, amafunsa zaka zimene zatsala pa lizi, kenaka amafufuza nyumba zofanana nayo zimene zagulitsidwa posachedwa m'dera lomwelo. Chimene amafuna ndi ndalama imene wogula anaperekadi, osati imene wogulitsa ankatchula poyamba kapena imene madobadoba amalengeza pa Facebook. Akapeza mitengo itatu kapena inayi, amawonjezera kapena kuchotsera malinga ndi kusiyana kwake: iyi ili pa msewu wa phula, iyo msewu wake ndi wafumbi, iyi ili ndi thanki ya madzi, iyo ilibe.

Chimene chimadabwitsa anthu ambiri n'chakuti mbali yaikulu ya mtengo wa nyumba ya m'tauni siili m'njerwa. Area 47 inayandikana ndi Mtandire, monganso Kauma ili kufupi ndi Area 12. Mutamanga nyumba ziwiri zofanana ndendende, mmisiri wake mmodzi, simenti yake yofanana, ina ku Area 47 ina ku Mtandire, mitengo yake idzasiyana kutalitali ngakhale pakati pake pali mtunda woyenda pansi. Wogula amalipira malowo, mapepala ake, msewu, chitetezo ndi anthu oyandikana nawo. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti tikafika kumudzi tipeza kuti malo amene amanyamula mtengowo ndi amene saloledwa kulowa m'masamu.

Ku mashopu a ku Old Town ndi maofesi a ku City Centre, kumene nyumba sizigulitsidwa kawirikawiri, katswiri amayang'ana lendi. Amawerengera ndalama imene nyumbayo imabweretsa pa chaka, kuchotsapo zokonzetsera ndi misonkho, n'kufunsa kuti munthu wamalonda angapereke zingati lero kuti azilandira lendi imeneyo m'zaka zikubwerazo.

Kuunika kotereku kumakhudza anthu a m'tauni ngakhale asakugulitsa kanthu. Msonkho wa malo ndi nyumba umene khonsolo ya mzinda imatolera umawerengedwa kuchokera m'kaundula wa mitengo ya nyumba zonse, amene mwa lamulo amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wokadandaula ngati akuona kuti nyumba yake aiikira mtengo wopitirira. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, likafuna kugulitsa nyumba kwa amene akukhalamo, mtengo wake umayenera kuchokera kwa wounika. Mabanki nawonso sapereka ngongole ya nyumba popanda lipoti lake. Akatswiri a boma ali pansi pa unduna wa za malo, umene likulu lake lili ku Zowe House ku City Centre, ndipo ena ali m'makampani oima paokha. Maphunziro a ntchitoyi amaperekedwa ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic, ndi ku Mzuzu University, ndipo bungwe limene limasonkhanitsa akatswiriwa ndi Surveyors Institute of Malawi. Musanalipire munthu kuti akuunikireni nyumba, funsani ngati analembetsedwa mwa lamulo, chifukwa lipoti la munthu wosavomerezeka banki ndi khothi sizililandira.

Tikafika kumudzi

Kumudzi nyumba imaima pa malo a makolo. M'madera ambiri a boma la Lilongwe malo amayenda motsata mbumba, ndipo mwamuna amene ali pa chikamwini amamanga nyumba pa malo a kwa akazi ake. Njerwa ndi zake, malata ndi ake, koma dothi limene nyumbayo yaimapo si lake, ndipo ngakhale mkaziyo sangaligulitse payekha popanda abale ake ndi mfumu. Munthu wakudza sangagule nyumba yomwe ili pakati pa nyumba za mbumba ya eni, pafupi ndi nkhokwe zawo ndi manda awo. Motero palibe malonda, ndipo popanda malonda palibe chofanizira.

Boma layesapo kulemba malo a kumudzi m'kaundula. Chodziwika bwino ndi chimene chinachitika kuno ku Lilongwe komwe, pansi pa Lilongwe Land Development Programme imene inayamba m'chaka cha 1968 ndi thandizo la World Bank. Kumadzulo kwa bomali malo anayezedwa n'kulembedwa m'dzina la banja lonse, m'dongosolo limene anthu amalidziwa ndi dzina lakuti ndunda, ndipo mtsogoleri wa banja ndiye ankasunga chikalatacho m'malo mwa onse. Ngakhale pamenepo, kugulitsa kunkafuna chilolezo cha komiti yoona za malo, ndipo msika weniweni wa nyumba za kumudzi sunabadwe. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la malo a makolo, limene linayamba kugwira ntchito mu Malichi 2018 n'kukonzedwanso m'chaka cha 2022. Lamuloli limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo kudzera m'komiti ya kwa gulupu, imene wapampando wake ndi gulupuyo ndipo mwa mamembala ena asanu ndi mmodzi osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Ntchitoyi inayesedwa koyamba ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Chikalata chotere chimateteza banja pa milandu ya malire, koma sichisandutsa malo a makolo kukhala puloti ya ku Area 43, pakuti lamulo limakhwimitsa kwambiri kugulitsa malo oterewa.

Nanga katswiri akatumidwa kumudzi amatani? Amagwiritsa ntchito njira yowerengera zomangira. Amadzifunsa kuti nyumba ngati imeneyi itamangidwa lero ingadye ndalama zingati: njerwa zootcha zingati, matumba a simenti angati, malata, mapaso, misomali, zitseko, mawindo, ndi malipiro a mmisiri. Ngakhale njerwazo munaumba nokha ndipo mchenga anatuta ana anu, amaziwerengera pa mtengo wa pamsika, chifukwa thukuta nalonso ndi ndalama. Akapeza chiwerengero chimenecho amachotsapo kutha kwa nyumbayo: zaka zimene yakhala, dzimbiri la pa malata, chiswe cha m'mapaso, ming'alu, ndiponso ngati makoma anamangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti. Nyumba ya zidina imatha msanga kuposa ya njerwa zootcha, choncho amaichotsera zambiri.

Tiyeni tiike manambala ongoyerekeza, kuti tione kusiyana kwa mitundu iwiri ya ngongole ija. Tinene kuti m'chaka cha 2015 banja lina linamanga nyumba imene zonse pamodzi zinakwana K1,000,000. Zipangizo zochokera ku boma zinali za K400,000, choncho ngongole yawo ndi K200,000, yomwe ndi magawo 20 pa 100 a mtengo wa nyumbayo pa nthawiyo. Tinenenso kuti lero kumanga nyumba yomweyo kungadye K7,000,000, ndipo katswiri wachotsapo magawo 30 pa 100 chifukwa cha kutha kwake, n'kutsala K4,900,000. Pa ngongole ya ndalama yodziwika, banjali liyenera kubweza K200,000 ija, kuchotsapo zimene linapereka kale. Koma boma likanakhala kuti linatenga gawo monga ku England, banjali likanafunsidwa K980,000, pafupifupi kasanu.

Ndipo kukwera kumeneku sikutanthauza kuti banjali lalemera. Nyumba ndi yomweyo, yayamba kale kudontha pakona. Chasintha ndi mphamvu ya kwacha. M'miyezi yoyambirira ya 2015 dola imodzi ya ku America inkagulidwa ndi ndalama zosafika K500. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inafika pa K1,700 m'mabanki. Malata ndi simenti zimatsata dola, pamene chimanga, mtedza ndi fodya wa mlimi sizithamanga liwiro lomwelo chaka chilichonse. Munthu wa ku England ngongole yake ikakula angathe kugulitsa nyumba n'kubweza kuchokera pa ndalama za wogula. Wa kwa Kalolo K4,900,000 yake ili papepala pokha. Palibe amene angam'patse ndalama imeneyo, ndipo akagulitsa malata okha watsala pamtetete. Pamwamba pa izi, kutumiza katswiri kuchokera ku City Centre kukafika ku nyumba iliyonse, ndi mafuta a galimoto ndi malipiro ake, nthawi zina kungadye ndalama zoyandikira ngongole yomwe akukaitsatayo. Kwa ife zikuoneka kuti ngongole ya gawo ingathe kuyesedwa pa nyumba za m'tauni zokhala ndi lizi, koma kumudzi ingakhale katundu wosasenzeka.

Komabe chilungamo chili mbali ziwiri. Kugwa kwa kwacha kumene kwapeputsa ngongole ya banja lija ndi komwenso kwadya thumba la boma. K200,000 imene mu 2015 ikanafolera nyumba ya banja lina, lero ingagule malata owerengeka chabe. Amene anachedwetsa kubweza ali nako kuthekera sanamane boma lokha ayi, anamananso mnansi wawo amene dzina lake linali pa mndandanda wotsatira ndipo mpaka lero akumweta udzu chaka ndi chaka.

Pamene kuunika kumafunikadi

Ngakhale ngongole ya malata sidalira mtengo wa nyumba, pali nthawi zina pamene nyumba yokhala ndi ngongole yotere imayenera kuunikidwa, ndipo m'pamene mabanja amakangana.

Nthawi yowawa kwambiri ndi ya maliro. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Koma chuma chisanagawidwe, ngongole za malemu zimayenera kubwezedwa kuchokera pa chuma chomwecho. Taganizani za bambo amene anali pa chikamwini, ngongole ya malata ili m'dzina lake, ndipo wamwalira. Abale ake akubwera n'kunena kuti malata ndi a m'bale wathu, tikufuna tiwasasule. Akuchikazi akuti malo ndi athu. Ana ali pakati, ndipo ngongole palibe akuitchula. Apa kuwerengera kosakondera kumathandiza kwambiri, chifukwa kumasonyeza kuti malata ndi gawo chabe la nyumba, kuti njerwa ndi thukuta la mayiyo zilinso ndi mtengo, ndiponso kuti malata akale akasasulidwa, okhala ndi mabowo a misomali, sagulitsidwa ngakhale pa theka la mtengo wa atsopano pamene nyumba yonse yawonongeka. Nkhani zotere zimapita kwa bwanamkubwa kapena ku ofesi ya Administrator General, ndipo kumeneko amafuna mapepala, osati zokumbukira. Makatekisiti ndi atsogoleri a m'midzi amene amapemphedwa kukhala mboni pa zokambirana za pambuyo pa maliro achita bwino kufunsa msanga kuti kalata ya ngongole ili kuti, ndi kuonetsetsa kuti zimene agwirizana zalembedwa, aliyense n'kusaina kapena kudinda chala.

Nthawi ina ndi pamene boma likufuna malowo pa ntchito ya chitukuko. Mzinda wa Lilongwe ukukula, ndipo misewu monga wolambalala mzinda wochokera ku Bunda Turn-off kukafika ku msewu wa ku Mchinji, kapena kukonzanso kwa M1 kulowera kumpoto kumene kunayamba m'chaka cha 2022, imadutsa m'minda ndi m'makomo a anthu. Malamulo aakulu a dziko lino amalola boma kutenga malo pokhapokha pa ntchito yokomera anthu onse, litadziwitsa eni ake mokwanira ndi kupereka chipukutamisozi choyenera, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wopita ku khothi. Pa tsiku lowerengera, akatswiri a boma amafika pamodzi ndi a ku ofesi ya bwanamkubwa ndi mafumu, n'kulemba nyumba, khitchini, bafa, chimbudzi, khola, nkhokwe, chitsime, mitengo ya zipatso ndi ya matabwa. Mwini nyumba akhalepo yekha tsiku limenelo, ayende nawo, aone kuti muyeso wa nyumba walembedwa molondola ndipo kuti alemba njerwa zootcha osati zidina, pansi pa simenti osati pozira. Chimene sichinalembedwe tsiku limenelo chimavuta kuchilowetsa pambuyo pake. Afunsenso tsiku limene mitengo yawerengedwera, chifukwa chipukutamisozi chimene chawerengedwa chaka chino n'kuperekedwa patapita zaka ziwiri sichimanganso nyumba yofanana ndi imene yagwetsedwa.

Pomaliza pali midzi yoyandikana ndi mzinda, monga ya kufupi ndi Chitedze, Mpingu, Nathenje ndi Lumbadzi, kumene anthu a m'tauni akhala akugula malo kwa eni mudzi. Kumeneko kwabadwa msika, ngakhale malonda ambiri amachitika ndi kalata ya mfumu yokha, ndipo malowo amaposa nyumba imene yaimapo. Wogula wochokera ku Area 10 sayang'ana malata a agogo, amayang'ana kutalika kwa malowo kuchokera pa phula ndi pa mapolo a magetsi. Banja limene silinafunse katswiri limatchula mtengo poyang'ana zimene linawononga pomanga, ndipo limagulitsa malo a mamiliyoni ambiri pa mtengo wa njerwa. Katswiri akafika kumalo otere amakhala wosamala, chifukwa mitengo imene amamva ndi yapakamwa ndipo malo opanda lizi amawaika pansi poyerekeza ndi okhala nayo, komabe lipoti lake limapatsa banja poyambira pokambirana. Asanalandire ndalama iliyonse, ogulitsa ndi ogula omwe akafunse ku ofesi ya za malo ya khonsolo ngati malonda amenewo ali ololedwa pansi pa malamulo a 2016 ndi 2022, pakuti kalata ya mfumu payokha siipereka umwini umene banki kapena khothi lingaulandire mosavuta. Ngati nyumbayo ili ndi ngongole ya malata, ngongoleyo imatsala pa dzina la amene anasainira zipangizo, osati pa wogula, choncho m'kalata ya malonda mulembedwe momveka kuti ndalama yotsalayo ndi zingati, adzakapereka ndani, ndiponso kuti lisiti lake lidzasungidwa ndi ndani.